Makalabu a ophunzira pa yunivesite ya Glasgow: wa masters ndi wa PhD amatolapo chiyani?

Khadi limene yunivesite ya Glasgow imapereka kwa wophunzira wa masters kapena PhD n'chimodzimodzi ndi la mwana wa chaka choyamba, ndipo limatsegula pafupifupi zitseko zomwezo. Palibe lamulo loletsa bambo wa zaka 34, amene wasiya banja ku Area 25 n'kubwera pa sikolashipu ya Chevening, Commonwealth kapena Beit, kulowa kwaya, timu ya mpira, gulu la mtsutso kapena la okwera mapiri. Papepala zonse zili bwinobwino. Pamene pavuta ndi pa kalendala. Digiri yoyamba ku Scotland imatenga zaka zinayi, ndipo moyo wonse wa makalabu adausoka poyeza msinkhu wa munthu amene ali ndi zaka zinayizo. Wa masters ali ndi miyezi 12 basi, ndipo itatu yomaliza amaithera pa dissertation, kafukufuku wolemba womalizira digiri, makalabu atabalalika kale kupita kutchuthi. Choncho poyeza ntchito ya mabungwe a ophunzira pa phiri la Gilmorehill, pamene pali yunivesiteyi, ife tafunsa funso limodzi: munthu wamkulu, wa nthawi yochepa ndi ndalama zowerengeka, amapindulapo chiyani?

Mabungwe ndi anayi, aliyense ndi kaundula wake

Amene adazolowera za ku Chanco kapena ku Poly, kumene bungwe la ophunzira limakhala limodzi, amasokonezeka sabata yoyamba. Ngakhale ochokera m'mayunivesite ena a ku Britain komweko amasokonezeka. Pano pali Students' Representative Council, kapena SRC, imene idayamba mu 1886, ndipo ofesi yake ili mu McIntyre Building pafupi ndi geti lalikulu pa University Avenue. Ndiyo imayimira ophunzira kwa akuluakulu a sukulu, ili ndi ofesi ya uphungu yaulere, komanso ndiyo imalembetsa makalabu mazanamazana omwe si a masewera. Pali Glasgow University Union, kapena GUU, ya mu 1885, kumunsi kwa msewu womwewo. Pali Queen Margaret Union, QMU, ya mu 1890, pa University Gardens. Ziwirizi ndi nyumba zachisangalalo, zokhala ndi mabala, malo odyera ndi maholo ovinira. Lachinayi ndi Glasgow University Sports Association, GUSA, loona za masewera.

Mukangomaliza kulembetsa sukulu, SRC imakhala ikukuimirani popanda kusaina kalikonse. Umembala wa GUU kapena QMU ndi waulere koma subwera wokha, mumachita kukalembetsa. Wa masewera ngolipira. Kusadziwa kusiyana kumeneku ndi komwe kumachititsa anthu kufika Disembala akuganiza kuti ndi mamembala a chinthu chimene dzina lawo mulibe.

Choyamba chimene chimasokonekera kwa ambiri ochokera kunja si kalabu ayi, koma kulembetsa komweko. Pa MyCampus, tsamba la pa intaneti lolembetserapo sukulu, pali magawo awiri, la maphunziro ndi la ndalama. Wa sikolashipu amayenera kupereka kalata ya amene akumulipirira, ndipo kalatayo ikachedwa kapena ikapanda kutchula bwino chaka ndi ndalama zake, gawo la ndalama limaima. Likaima, khadi limachedwa, ndipo popanda khadi zitseko zina sizitseguka. Onjezerani apo kuchedwa kwa viza, kumene kumafikitsa anthu ena ku Glasgow sabata yachiwiri kapena yachitatu ya maphunziro. Malizani zonse za MyCampus musananyamuke kwanu, ndipo kalata ya sikolashipu muisunge pa foni ndi papepala.

Sabata yolandira alendo mu Sepitembala, imene ambiri amangoti Freshers' Week, ili ndi zinthu ziwiri zimene anthu amaziphatikiza. Pali chiphaso chogula cholowera zochitika za usiku m'ma union awiri aja, ndipo pali chionetsero cha masana kumene makalabu amayala matebulo awo. Chionetserocho n'chaulere ndipo musachiphonye. Chiphasocho, kwa munthu amene tikumunenayu, ndi ndalama yotaya. Ambiri ochigula ndi ana a zaka 17 ndi 18 amene angochoka kumene pakhomo pa makolo, ndipo zokonzedwazo n'zoyenera iwowo. SRC imakonzanso zolandirira a postgraduate, ndiye kuti a masters ndi a PhD, paokha, ndipo kumeneko ndiye kopita.

Patebulo la kalabu musafunse ngati a masters amaloledwa, pakuti yankho ndi inde paliponse ndipo silikuuzani kanthu. Funsani tsiku ndi ola lokumana, n'kuliika pomwepo pa ndandanda ya makalasi anu. Funsani kuti a postgraduate alipo angati amene amabweradi, osati olembetsa chabe. Akayamba kuyang'anana asanayankhe, mwadziwa. Kenako funsani ngati amakumana m'miyezi ya Juni mpaka Ogasiti. Ndipo musachoke musanalowe pamene amalengezera zinthu. Tsamba la kalabu pa webusayiti ya SRC ndi lothandiza podziwa kuti kalabuyo ilipo, koma kusintha kwa chipinda kapena kwa ola kumalengezedwa pa Instagram, WhatsApp kapena Discord. Munthu amene adasiya moyo wake pa Facebook ndi imelo amapezeka ataima yekha pakhomo pa chipinda chokiya. Ndalama yolowera makalabu a SRC si yodetsa nkhawa. Ambiri amalipiritsa mapaundi owerengeka pa chaka, ena salipiritsa n'komwe.

Langizo lathu ndi makalabu awiri, osapitirira. Semesita yoyamba ili ndi masabata 11 ophunzitsa, ndipo pofika lachisanu ma assignment amakhala ayamba kugwa ngati matalala. Amene adalemba dzina pa matebulo khumi sapitanso kulikonse.

Pali nkhani ina imene ambiri saiona, koma ndiyo muzu wa zonse. Makalabu amasankha komiti ya chaka chotsatira chakumapeto kwa semesita yachiwiri, kawirikawiri mu Malichi. Wa masters sangaime pa chisankhocho, popeza chaka chimene komitiyo idzagwire ntchito iye adzakhala atabwerera kwawo, ndipo pa chisankho cha chaka chatha n'kuti asanafike. Ndiye kuti komiti imakhala ya a digiri yoyamba pafupifupi nthawi zonse, ndipo ndi iwo amene amasankha kuti kukumana kuzikhala 8 koloko usiku, kuthere kubala, ndipo kuleke mayeso a Epulo akayandikira. Si nkhanza, amangokonza zoyenera moyo wawo. Khomo lolowera lilipo limodzi. Makalabu ambiri amaitanitsa msonkhano wapadera mu Okutobala wodzaza mipando yotsala, monga ya woimira a chaka choyamba. Pamenepo pemphani mpando wa woimira a postgraduate, ndipo ngati palibe, pemphani kuti aukhazikitse. Wa PhD alibe chowiringula, angathe kuima mu Malichi ngati wina aliyense.

Zoyambitsa kalabu yanuyanu, tinene ya ophunzira a kum'mwera kwa Africa, n'zotheka. Pamafunika malamulo a gulu olembedwa, wapampando, mlembi, msungichuma ndi mndandanda wa mamembala, n'kupereka ku SRC. Phindu lake ndi lenileni: mumatha kupempha zipinda za yunivesite zokumaniramo, kupempha thandizo la ndalama, ndi kukhala ndi tebulo pa chionetsero. Chimene chimapha magulu otere n'chakuti oyambitsa onse amakhala a masters. Kulembetsaku kumafuna kukonzanso chaka ndi chaka, ndiye onse akachoka mu Sepitembala sipatsala wosaina, ndipo obwera pambuyo amayambiranso pa ziro. Muike mu komiti munthu wa PhD wa chaka choyamba, ndipo achinsinsi olowera pa imelo ya gulu asakhale m'mutu mwa munthu mmodzi.

Gilchrist

Malo ochezera okonzedwera a postgraduate enieni ndi Gilchrist Postgraduate Club, mkati mwa nyumba yaikulu ya nsanja ija, Gilbert Scott Building. Mbiri yake njoyenera kuidziwa chifukwa imaonetsa kuti malowa sadaperekedwe mwa chifundo. Kale kudali Hetherington Research Club pa 13 University Gardens, imene idatsekedwa mu 2010 chifukwa cha mavuto a ndalama. Pa 1 Febuluwale 2011 ophunzira adalowa m'nyumbamo n'kukhazikika, potsutsa kudulidwa kwa maphunziro ena ndi kutsekedwa kwa kalabuyo, ndipo adatulukamo kumapeto kwa Ogasiti, patatha miyezi isanu ndi iwiri. China mwa zimene adagwirizana ndi akuluakulu chidali malo atsopano a postgraduate. Gilchrist idatsegulidwa mu 2012, ndipo dzina lake ndi la Marion Gilchrist, mkazi woyamba kulandira digiri pa yunivesiteyi, ya udokotala, mu 1894.

Chitseko chimatseguka ndi khadi, ndipo khadi la digiri yoyamba silitsegula. Chimenechi chokha n'chamtengo wapatali kwa wa PhD amene amaphunzitsako makalasi, pakuti angathe kumwa khofi osaopa kuti patebulo loyandikana pakhala mwana amene akumuchongera ntchito. Mkati muli pogulitsira khofi, zakudya zopepuka ndi zakumwa, mipando yokhala anthu anayi kapena asanu, ndi chipinda chimene mungapemphe kuti muchitiremo zokambirana kapena kuyeserera kufotokoza kafukufuku wanu. Madzulo ena kumakhala mpikisano wa mafunso ndi zochitika zina zokonzedwa ndi SRC.

Mpikisano wa mafunsowo ndiwo tikuuyamikira koposa, ndipo chifukwa chake n'chosavuta. Umafuna matimu, ndipo wobwera yekha amamuika pa timu imene yaperewera. Mumakhala ndi anthu maola awiri muli ndi chokambirana chokonzeka kale, osachita kusaka nkhani. Mafunso a ma TV akale a ku Britain akugwetsani, koma a mayiko, mbiri ndi mpira mukhala inu wodalirika.

Zofooka zake ziliponso. Ophunzira a postgraduate pa yunivesiteyi amapitirira 10,000, ndipo Gilchrist ndi malo aang'ono. Masana mkati mwa semesita mipando imadzaza, ndipo odzazawo ambiri amakhala atatsegula laputopu, zomvera zili m'makutu. Kalabu imasanduka laibulale yokhala ndi khofi. Mukapita 2 koloko masana n'chiyembekezo choti wina akulonjerani, mubwerako mutangoona misana ya anthu. Pitani pa zochitika zolengezedwa, kapena pitani ndi anzanu a m'kalasi mukangotuluka mu semina. Nthawi yotsegula imasinthanso pa tchuthi, choncho onani kaye musanakwere phiri. Chinanso n'chakuti Gilchrist ili pa Gilmorehill, pomwe a kafukufuku ambiri sakhala pamenepo. A zaziweto ali ku Garscube, ena a zaumoyo ali ku Queen Elizabeth University Hospital kutsidya kwa mtsinje wa Clyde, ndipo a ku nthambi ya yunivesite ya ku Dumfries ali kutali ndithu, ulendo wa sitima. Kwa iwowa Gilchrist ndi malo ongomva.

GUU ndi QMU

GUU idayamba ngati ya amuna okhaokha ndipo idalola akazi mu 1980. QMU idali ya akazi ndipo idalola amuna mu 1979. Lero aliyense amalowa konse, koma khalidwe la nyumba ziwirizi lidasiyanabe. GUU njokonda miyambo, matayi ndi maphwando akuluakulu. QMU njomasuka, yodziwika ndi nyimbo za magulu oimba, ndipo imanyadirabe kuti Nirvana idaimbapo mu 1991.

Chimene wa postgraduate ayenera kulondola ku GUU ndi mtsutso. Union imeneyi idapambanapo kasanu mpikisano wa dziko lonse lapansi wa mtsutso wa mayunivesite, ndipo andale ngati John Smith, Donald Dewar ndi Charles Kennedy adanolera malilime awo mu holo yake. Pamakhala maphunziro a kalankhulidwe a sabata ndi sabata olandira aliyense, ngakhale amene sadayambe waimapo pagulu. Kachitidwe ka mpikisano nkotere: matimu anayi a anthu awiriawiri, awiri mbali ya boma ndi awiri mbali yotsutsa, mutu umaperekedwa kutatsala mphindi 15, ndipo aliyense amalankhula mphindi zisanu ndi ziwiri. Apa ndi pamene ukulu umasanduka phindu. Munthu amene wagwirapo ntchito ku unduna, kuchipatala cha boma kapena ku bungwe lothandiza anthu amakhala ndi zitsanzo zimene mwana wa zaka 19 adangoziwerenga. Chimene chimamugwetsa ndi mawu oyamba. Ife tidaleredwa kuyamba ndi kulonjera wapampando, alendo olemekezeka ndi onse mwa maudindo awo, ndipo mphindi ziwiri zimathera pamenepo. Oweruza amawerenga mfundo basi. Nenani mfundo zanu zitatu m'masekondi 30 oyamba, kenako muzimange.

Palinso mitsutso yotsanzira nyumba ya malamulo, imene imachitika kangapo pa chaka ndipo imatenga maola ambiri mpaka usiku, yokhala ndi zipani zakezake za mu union momwemo. Kukaonerera kamodzi n'koyenera. Kuti mufike pokwera maudindo m'zipanizo pamafunika zaka, ndiye wa masters asadzivutitse.

Hive, malo ovinira a GUU, tingodutsapo: ndi a ana. Daft Friday ndi nkhani ina. Ndi phwando la usiku wonse lotsekera semesita yoyamba mu Disembala, lidayamba mu 1909, ndipo nyumba yonse amaikongoletsa motsatira mutu umene amaubisa mpaka tsikulo. Tikiti njokwera mtengo, imatha msanga, ndipo chovala chake ndi suti yakuda ya bowutayi, kilt kapena diresi lalitali. Ngati mukufuna kudzaona chinthu chimodzi cha mwambo wa pasukuluyi, sungani ndalama kuyambira Okutobala ndipo lembetsani umembala wa GUU msanga.

Za mowa tinene mosabisa. Kalabu ikalengeza kuti kuli social, nthawi zambiri ikutanthauza kubala, kaya mu union kaya pa Ashton Lane ndi Byres Road. Wosamwa sathamangitsidwa, ndipo kugula chakumwa chozizilitsa kukhosi cha Irn-Bru kapena madzi a mandimu palibe amene amakudabwa. Msampha uli pa mwambo wogulirana. Pagulu la anthu asanu ndi mmodzi, wina akakufunsani chimene mumwe n'kukugulirani, mwalowa m'chipeleganyu, ndipo nthawi yanu ikakwana mugulira onse asanu ndi mmodzi. Pa ndalama ya sikolashipu zimenezo ndi ndiwo za masiku angapo. Nenani poyamba pomwe kuti mudzigulira nokha, palibe amene amakhumudwa. Komanso ku Scotland wogulitsa mowa amayenera kufunsa chitupa kwa aliyense wooneka wosafika zaka 25, ndipo alonda a pakhomo amafunsa ngakhale oposa pamenepo. Khadi la sukulu si umboni wa zaka, chitupa cha unzika cha kwathu kapena laisensi yoyendetsera galimoto ya kwathu sazilandira. Chodalirika ndi pasipoti, ndipo muisunge m'thumba la zipi.

Masewera, viza ndi mtunda

Ku masewera mumalipira kawiri. Poyamba umembala wa UofG Sport, umene umakulowetsani mu Stevenson Building pa Oakfield Avenue, momwe muli jimu ndi dziwe losambira la mamita 25. Kenako ndalama ya kalabu ya GUSA imene mwasankha, ndipo pamwamba pake yunifolomu ndi maulendo. Ambiri amaona mtengo wa kalabu wokha n'kuganiza kuti ndi zonse. Mabwalo a mpira ali ku Garscube, ulendo wa basi kuchoka pa Gilmorehill. Matimu opikisana amasankha osewera m'masabata oyambirira enieni, choncho wochedwa ndi viza uja amapeza mipata yatha. Masewero a mayunivesite, a BUCS, amachitika Lachitatu masana, ndipo ndandanda ya masters kapena ya mu labu siilemekeza Lachitatu nthawi zonse. Musanalipire, funsani kapitawo wa timu ngati pali gulu longosewera mosangalala, lopanda maulendo. Makalabu ambiri ali nalo, ndipo n'kumene a postgraduate amapezeka.

Amene safuna kulipira kalikonse, parkrun ya ku Victoria Park njaulere: kuthamanga makilomita asanu, Loweruka lililonse 9:30 m'mawa. Mumalembetsa kamodzi pa intaneti n'kutenga barcode yanu. Kumabwera anthu a misinkhu yonse, ndipo n'kosavuta kucheza ndi eni mudzi kusiyana ndi pasukulu.

Okwera mapiri tiwachenjeze pang'ono. Phiri la Ben Lomond ndi la mamita 974, ndipo munthu amene adafikapo pa Sapitwa, mamita 3,002, angaliyese chulu. Koma mapiri a ku Scotland saopsa ndi kutalika. Mphepo, mvula ndi nkhungu zimasintha pa ola limodzi, ndipo jinzi ikanyowa imakuyamwani kutentha konse. Pamafunika jekete ndi buluku losalowa madzi, nsapato zogwira, ndi tochi, chifukwa mu Disembala dzuwa limalowa isanakwane 4 koloko. Funsani kalabu ngati imabwereketsa zida musanagule.

Mdima umenewo ndi mdani wamkulu wa moyo wocheza. Kuyambira Novembala mumatuluka m'kalasi kutada kale, kukuzizira, ndipo mukangofika kuchipinda n'kuvula nsapato simutulukanso. Njira yake ndi kusapita kunyumba pakati. Tengani chakudya cha madzulo m'kontena, khalani mu laibulale kapena mu James McCune Smith Learning Hub mpaka ola la kalabu likwane. Izi n'zofunika kwambiri kwa okhala kutali, ndipo ndi ambiri, popeza nyumba ku West End, dera limene kuli yunivesiteyi, n'zodula ndi zosowa, monga zidaonekera poyera mu 2022. Sitima yapansi, imene imaima pa Hillhead ndi Kelvinbridge pafupi ndi sukulu, imaleka kuyenda pakati pa usiku pasanakwane, ndipo Lamulungu imatseka chakumadzulo ndithu. Basi yaulere ya achinyamata ku Scotland ndi ya osafika zaka 22, ndiye anzanu a mu kalabu akamakwera osalipira, inu konzani ndalama. Chimene mungapeze ndi 16-25 Railcard, imene imadula gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo wa sitima. Dzina lisakunamizeni: wophunzira wa nthawi zonse woposa zaka 25 amaloledwa, bola sukulu itsimikize.

Viza ya wophunzira ili ndi minga imene imabaya anthu pa zinthu zooneka ngati zosewera. Malire a ntchito ndi maola 20 pa sabata nthawi ya maphunziro, sabata yake kuyambira Lolemba mpaka Lamulungu, ndipo kwa wa masters miyezi ya dissertation imawerengedwa ngati nthawi ya maphunziro, osati tchuthi. Simuloledwa kudzilemba ntchito nokha, kapena kugwira ntchito ngati wosangalatsa anthu kapena katswiri wa masewera. Ndiye kalabu ikakupemphani kuti mukaimbe, mukaike nyimbo kapena mukaphike nsima ya anthu 50 pa phwando n'kukupatsani kangachepe, imani kaye mufunse alangizi a ophunzira ochokera kunja. Ntchito yongodzipereka nayo ili pawiri. Ina siwerengedwa, koma ina, yokhala ndi maola oikika ndi udindo ngati wa wolembedwa ntchito, imalowa m'maola 20 aja ngakhale simulandira kanthu. Ndipo yokhudza ana kapena anthu ofunika chitetezo imafuna chilolezo cha PVG, chimene chimatenga nthawi, choncho yambani mu Okutobala. Safunsa adadya phula.

Kuyambira Januwale 2024, wa masters yophunzitsidwa m'kalasi sabweranso ndi banja pokhapokha ngati akulipiriridwa ndi boma, pomwe wa PhD amaloledwa. Zotsatira zake n'ziwiri zosiyana. Wa masters ali yekhayekha ndipo madzulo ake amathera pa foni ndi a kunyumba. Wa PhD ali ndi ana, ndipo kalabu yokumana 8 koloko usiku m'bala siimuthandiza. Pa gulu lachiwirili mabungwe onse anayi ndi ofooka, ndipo sitikuona chifukwa chowakometsera.

Wa PhD ali ndi vuto linanso lakelake: alibe kalasi. Wa masters amakhala ndi anzake makumi angapo amene adayamba nawo tsiku limodzi, pomwe wa PhD angathe kuyamba mwezi uliwonse, n'kupatsidwa desiki ndi supavaiza basi. Kwa iyeyu zopindulitsa kwambiri sizichokera ku ma union koma ku graduate school ya koleji yake: magulu olembera limodzi, masemina a ophunzira okhaokha, ndi mpikisano wa Three Minute Thesis, wofotokoza kafukufuku yense m'mphindi zitatu ndi chithunzi chimodzi chosasuntha. Kumeneko mumakumana ndi a m'madipatimenti ena amene akudutsa m'zomwezo. Akalowa kalabu wamba, akumbukire kuti ngati amaphunzitsa, tsiku lina adzapeza wophunzira wake pa timu. Yunivesite ili ndi malamulo pa za maubwenzi a ogwira ntchito ndi ophunzira, ndipo wophunzitsa wa ganyu amakhudzidwa nawo. Awerengeni musanayambe kuphunzitsa.

Zimene ma union sapereka, ambiri a kwathu amazipeza kutchalitchi ndi kumzikiti. Akatolika ali ndi Turnbull Hall pafupi ndi sukulu. A CCAP sachedwa kuzolowera mu Church of Scotland, ngakhale adzadabwa ndi kuchepa kwa anthu ndi kufupika kwa mapemphero. Asilamu ali ndi mzikiti wa Al-Furqan pa Carrington Street, woyenda wapansi. Kunja kwa sukulu kuli Association of Malawians in Scotland ndi Scotland Malawi Partnership, ndipo pasukulu pomwepo pali aphunzitsi amene amagwira ntchito ndi KUHeS, monga amene adathandiza kuyambitsa digiri ya udokotala wa mano mu 2019. Kunena kuti ndinu wa ku Malawi kumayambitsa nkhani mosavuta mumzindawu, ndipo Blantyre woyamba, kwawo kwa David Livingstone, ndi ulendo waufupi wa sitima kuchoka ku Glasgow Central. Kungoti ubale wa kwathu umakoma mwakuti munthu angathe kumaliza chaka osadziwana ndi wina aliyense wosadya nsima. Ceilidh imodzi yokha imachiza zimenezo. Ndi gule wa ku Scotland wovina awiriawiri ndi m'magulu, pamakhala wofotokoza masitepe asanayambe kuimba, ndipo makalabu ambiri amaukonza chakumapeto kwa Novembala ndi pa 25 Januwale. Valani nsapato zafulati, chifukwa gule wina wotchedwa Strip the Willow amakuzunguzani mpaka chizungulire.

Ndiye pali chilimwe chawo. Kuphunzitsa kumatha kumapeto kwa Malichi, mayeso amatenga Epulo ndi Meyi, ndipo pofika Juni a digiri yoyamba apita, makalabu ambiri atseka, magulu a WhatsApp ali zii. Imeneyi ndiyo nthawi imene wa masters amakhala yekha ndi dissertation, wopanda ngakhale kalasi yomutulutsa m'nyumba, ndipo ndi pamene dongosolo lonseli limamusiya padzuwa. Kukonzekera kwake kumachitika mu Malichi, anthu asanabalalike. Pa msonkhano womaliza wa kalabu funsani amene atsale mu Glasgow, tengani manambala awo, ndipo mugwirizane tsiku limodzi lokhazikika pa sabata, kaya la mpira, kaya lolembera limodzi m'mawa n'kudya nkhomaliro pamodzi. Onaninso tsiku limene umembala wanu wa jimu uthere, kuti usakuthereni pakati pa Julayi. Mu Juni kumawala mpaka cha m'ma 10 koloko usiku, ndipo Kelvingrove Park ili kumunsi kwa phiri lomwelo, yaulere. Pitani ndi mpira, mphasa ndi chakudya, koma botolo la mowa lisiyeni kunyumba: malamulo a mzinda wa Glasgow amaletsa kumwa mowa pamalo a anthu onse, mapaki omwe, ndipo apolisi amalipiritsa chindapusa.